Yona kutchalitchi, Yunusu kumzikiti: mneneri amene chifundo chinamupsetsa mtima

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, msodzi wa pa Lungwena saikhulupirira nyanja. Madzulo kumatha kukhala bata lokhalokha, siginala n'kutsogola ndi nyali zake pa bwato, anyamata a chilimira n'kukankhira boti m'madzi uku akunyogodolana. Pofika pakati pa usiku mwera uja wadzuka, za usipa n'kuthera pomwepo. Wina agwira chigubu chodula n'kuyamba kukapa madzi, wapainjini alozetsa mutu wa boti kumene mafunde akuchokera, ndipo zikafika pothina, ngakhale khoka limene mwini wake akadali kubweza ngongole yake limasiyidwa m'madzi kuti anthu apulumuke. Milomo nayo sikhala chete. Ambiri m'botimo ndi Ayao achisilamu, ndipo duwa yawo ndi ya m'Chiarabu. Koma m'madoko a Mangochi mulinso asodzi ochokera ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, kotero pambali pa duwayo pamamvekanso dzina la Yesu.

Amene analemba buku la Yona zaka zoposa 2,000 zapitazo akanalizindikira boti limeneli. Mutu woyamba wa buku lake uli ndi zomwezi: namondwe, katundu woponyedwa m'madzi, amalinyero aliyense akuitana mulungu wake. M'chombo chonsecho munali munthu mmodzi yekha amene sankapemphera. Anali kunsi, ali m'tulo tofa nato, ndipo iyeyo ndiye anali mneneri.

Lungwena ali makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa boma la Mangochi. Mukaoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi mumakhotera kumanzere, kudutsa Malindi, nyanja ili kudzanja lina, mapiri a Namizimu kudzanja linalo, msewu n'kupitirira mpaka kwa Makanjira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 aliwonse a m'boma la Mangochi, oposa 7 ndi Asilamu, ndipo m'midzi ya m'mbali mwa msewu umenewu chiwerengerocho n'chokwera kuposa pamenepo. Pa Malindi pali mishoni yakale ya Angilikani, ndi chipatala cha St Martin's ndi sukulu ya atsikana ya St Michael's. Mwana wa ku madrasa ndi mwana wa Sande sukulu amasiyana pa zambiri, koma munthu womezedwa ndi chinsomba amamudziwa onse. Uyu amati Yona, winayu amati Yunusu.

Wamng'ono ndi buku, osati munthu

Yona ndi mmodzi mwa aneneri 12 otchedwa aang'ono: Hoseya, Yoweli, Amosi, Obadiya, Yona, Mika, Nahumu, Habakuku, Zefaniya, Hagai, Zekariya ndi Malaki. Ung'ono wawo ndi wa masamba basi. Yesaya ali ndi mitu 66, Yona ali ndi 4, mavesi ake onse 48, oti munthu atha kuwamaliza phala lisanazizire. Ayuda ankalemba onse 12 pa mpukutu umodzi n'kumawawerenga ngati buku limodzi.

Pakati pa anzakewo Yona ndi wosiyana. Ena onse mabuku awo ndi mauthenga, ambiri olembedwa mwa ndakatulo. La Yona ndi nkhani, ndipo mneneriyo ndiye wotsutsidwa. Ndi yekhayonso mwa 12 amene Qur'an imamutchula dzina (Zakariya wa mu Qur'an ndi wina, bambo a Yahya, amene Akhristu amati Yohane M'batizi). Yesaya ndi Yeremiya, akuluakuluwo, satchulidwa. Yunusu ali ndi sura yonse yodziwika ndi dzina lake, ya nambala 10.

Kunja kwa buku lake, Chipangano Chakale chimamutchula kamodzi kokha, pa 2 Mafumu 14:25. Pamenepo tikumva kuti anali mwana wa Amitai, kwawo ku Gati-Hefere m'Galileya, ndipo analosera kuti mfumu Yerobowamu wachiwiri adzakulitsa malire a Israele. Zinachitikadi, m'zaka za m'ma 700 Yesu asanabadwe. Anali mneneri wa uthenga wokoma m'makutu a mfumu ndi a fuko lake. Amosi, wa m'nyengo yomweyo, anatchula malire omwewo ponena za kumene adani adzawapanikizire, ndipo wansembe wa ku Beteli anamuuza kuti abwerere kwawo akadye zakwawo. Akatswiri ambiri amati buku la Yona linalembedwa patapita zaka mazana angapo, Ayuda atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, m'nyengo imene funso la alendo linali lowotcha, moti Ezara anafika pouza amuna kuti asudzule akazi a mitundu ina. Ngati zili choncho, wolembayo anasankha dala mneneri wokonda fuko lake kuti amutume kwa adani.

Adaniwo sanali a nkhambakamwa. Nineve unali mzinda waukulu wa Asiriya, m'mbali mwa mtsinje wa Tigris, kumene lero kuli Mosul m'dziko la Iraq. Asiriya anagwetsa Samariya mu 722 B.C. n'kusamutsa anthu ake. Mu 701 B.C. mfumu Senakeribu inaphwasula Lakisi, mzinda wa ku Yuda, ndipo inalamula amisiri kuti azokote nkhondoyo pa makoma a nyumba yake ku Nineve. Miyala imeneyo, imene Austen Henry Layard anafukula cha m'ma 1840, ili ku British Museum ku London. Pali anthu opachikidwa pa zisonga, ena akusendedwa khungu, amayi ndi ana akutuluka pachipata atasenza timitolo. Amene ankamva nkhani ya Yona koyamba ankadziwa kuti mzinda umene Mulungu akufuna kuuchenjezawo ndi umene unadzameza kwawo kwa mneneriyo.

Za m'chombo

Atauzidwa kuti apite kummawa, Yona anatsikira ku doko la Yopa, n'kulipira ulendo wa ku Tarisi, kumadzulo kwenikweni kumene zombo zinkafika. Wolembayo safotokoza msanga chifukwa chake. Amachisunga mpaka mutu wotsiriza.

Anthu a kunyanja kuno safunika kuuzidwa kuti namondwe n'chiyani. Bishopu Chauncy Maples anamira pa 2 Seputembala 1895, atangodzozedwa kumene, boti lake litagubuduzika pa ulendo wopita ku Likoma. Sitima yotchedwa dzina lake inalumikizidwa kwa Mponda n'kuyamba kuyenda mu 1901. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi ndi anthu 145. Chimene alaliki amachidumpha kawirikawiri ndi khalidwe la amalinyero a m'chombo cha Yona aja.

Iwo anachita maere kuti adziwe mwini tsoka, ndipo maere anagwera Yona. Iye anavomera, n'kuwauza yekha kuti amuponye m'nyanja. Apa munthu wophunzira za anthu angayembekeze kuti amugwira miyendo ndi manja nthawi yomweyo. Ayi ndithu. Anayamba amufunsa ntchito yake, kwawo ndi mtundu wake. Atamva zonse, anagwira nkhafi n'kupalasa ndi mphamvu zawo zonse kuti akafike naye kumtunda ali moyo. Atalephera m'pamene anamuponya, atayamba apepesa kwa Mulungu amene sanali wawo kuti asawawerengere mlandu wa magazi.

Dziko lino likuidziwa njira inayo. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana, anthu anapha agogo anayi a m'mudzi momwemo powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Kumeneko kunalibe wovomera mlandu ngati Yona, ndipo panalibe wopalasa. Anthu amene buku la Yona limawasonyeza akuchita zaumunthu koyamba ndi akunja, osadziwa chilamulo, pamene wodziwa zonse akungofuna kufa.

Chinsomba chimene chinatchukitsa nkhaniyi chimatchulidwa m'mavesi atatu okha. Ana a pa Lungwena amafunsa funso loyenera, poti m'nyanja yawo wamkulu ndi bombe ndi kampango, ndipo womeza munthu amene iwo amamudziwa ndi ng'ona. Bukulo silitchula mtundu wa nsombayo, ndipo silikutenga kumezako ngati chilango. Nsombayo ndi imene inamupulumutsa kuti asamire, n'kukamusanza kumtunda patatha masiku atatu, kuti akayambirenso ntchito imene anaithawa.

Mkwiyo umodzi, malo awiri

Kumzikiti mbali imeneyi ndi imene ili ndi mtima wa nkhani. Sura 37 imafotokoza za chombo chodzaza, maere, chinsomba, ndi kuti akanapanda kukhala wotamanda Mulungu akanakhala m'mimbamo mpaka tsiku la kuuka. Sura 21 ili ndi pemphero lake la mumdima, mmene akuvomereza kuti Mulungu ndi mmodzi ndipo wolakwa ndi iyeyo. Ndi duwa yaifupi, yosavuta kuloweza, imene Asilamu amanena pa mavuto: pa matenda, pa mlandu, pa ngongole, panyanja. Sura 68 imalangiza Mtumiki Muhammad kuti apirire, asakhale ngati mwini nsomba uja. Ndipo sura 10, ngakhale ili ndi ndime 109, imamutchula pa ndime imodzi yokha, ya 98, pofotokoza kuti anthu a Yunusu ndi okhawo amene anakhulupirira chilango chili pakhomo n'kupulumuka.

M'mabuku onse awiri mneneriyu ndi wokwiya, koma mkwiyowo uli pamalo osiyana. Mashehe amaphunzitsa kuti Yunusu anachoka atapsa mtima chifukwa anthu sankamumvera, osadikira chilolezo cha Mulungu. Baibulo limaika mkwiyo kumapeto: Yona anapsa mtima chifukwa anthu anamumvera.

Ulaliki wake ku Nineve ndi mawu asanu okha m'Chihebri. Anangopereka masiku 40 n'kunena kuti mzinda ugwa. Sanatchule Mulungu, sanaitane munthu kuti alape, sanasiye khomo lotsegula. Komabe mzinda wonse unatembenuka. Mfumu inatsika pampando n'kukhala paphulusa, n'kulamula kuti anthu ndi ziweto zomwe asale kudya ndi kumwa, ndipo onse afunde ziguduli. Wolemba ameneyu ankadziwa kuseketsa. Tangoganizani mbuzi za m'mudzi mwanu zitavekedwa masaka. Lamulo la mfumuyo linatchulanso tchimo lenileni la mzindawo, chiwawa cha m'manja mwawo. Mulungu anaona, ndipo chilango chinaimitsidwa.

M'pamene Yona anaulula chimene anathawira. Sanali kuopa Asiriya. Ankamudziwa Mulungu wake kuti sachedwa kukhululuka, ndipo sankafuna kuti kukhululukako kudzere pakamwa pake kupita kwa anthu amenewo. Anatuluka kummawa kwa mzinda n'kumanga kachisakasa, n'kukhala tcheru ngati mlonda wa pamunda wodikira anyani, kuti mwina moto n'kugwabe.

Chomera chimene chinamupatsa mthunzi Buku Lopatulika limachitcha msatsi, pamene Qur'an imanena za chomera choyanga cha mtundu wa mphonda. Nsatsi aliyense wa kumudzi amaidziwa: imamera yokha padzala, imathamanga kukula, masamba ake ndi otambalala, tsinde lake n'lagweregwere. Mbozi italuma tsindelo m'mamawa, chomeracho chinafota, mphepo yotentha n'kuomba, dzuwa n'kumuswa liwombo, Yona n'kupempha imfa. Mulungu anamufunsa ngati kunali koyenera kukwiyira chomera. Iye anati inde, mpaka kufa. Bukulo likutha ndi funso lina: ngati iye akumvera chisoni chomera cha usiku umodzi chimene sanabzale, nanga mzinda wa anthu oposa 120,000 osadziwa kusiyanitsa dzanja lamanja ndi lamanzere, ndi ziweto zambirimbiri? Yankho la Yona silinalembedwe.

Nineve wa yani?

Mlaliki wofulumira angathe kuima pa Malindi n'kuloza kumpoto, kwa Makanjira, kuti Nineve ndi uko. Mbiri imamupatsa pogwira. Makanjira wachitatu analowa Chisilamu cha m'ma 1870, woyamba mwa mafumu akuluakulu a Chiyao, ndipo zombo zake zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kuchokera tsidya la kumadzulo kuti apite ku Kilwa. Mu 1888 anthu a kwa Makanjira anagwira wansembe William Percival Johnson wa mishoni ya Angilikani ya UMCA pamodzi ndi John Buchanan, woimira boma la Britain, n'kuwachita chipongwe mpaka atawomboledwa. Johnson sanachoke panyanjayi. Anamasulira Baibulo lonse m'Chinyanja cha ku Likoma, limene linatuluka mu 1912, ndipo anamwalira mu 1928 ku Liuli, tsidya la Tanzania.

Koma mdzukulu wa anthu a Makanjira akhoza kuloza kummwera ndi mtima womwewo. Mu 1891 Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston, n'kubwera ndi asilikali a Chisikh ndi mizinga kudzawotcha mudzi wa Makanjira. Mu Disembala chaka chomwecho Kapitawo Cecil Maguire anaphedwa pofuna kuwononga zombo za mfumuyo, ndipo linga limene linamangidwa m'dziko lake linatchedwa Fort Maguire. Pofika 1895 mphamvu za Makanjira zinali zitathyoledwa. Ukapolo unatha, ndipo palibe angalire maliro ake. Chinabwera m'malo mwake ndi msonkho wa nyumba ndi sukulu za mishoni, kumene makolo ambiri achisilamu anakana kutumiza ana poopa kuti akabatizidwa. Mtengo wa kukanako derali lakhala likuulipira mibadwo ingapo. Kwa anthu amenewa, ufumu waukulu wobwera ndi moto unali wa Akhristu.

Zipsera zimenezi zimatukusira nthawi ndi nthawi. Mu Juni 2003 amuna asanu achisilamu ochokera kunja anagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti ndi a al-Qaeda, n'kutulutsidwa m'dziko muno pa ndege khoti litaletsa. Ku Mangochi anthu okwiya anakaphwanya matchalitchi, ngati kuti Akhristu a pa boma ndiwo anayendetsa ndegeyo. Amuna aja pambuyo pake anamasulidwa popanda mlandu. Mu Novembala 2019 mkangano wa hijabu pa sukulu ya Angilikani ya Mmanga ku Balaka unavulaza anthu n'kuwononga katundu wa mbali zonse. Zinatenga mpaka Juni 2021 kuti atsogoleri a zipembedzo, kudzera mu Public Affairs Committee, asayinirane kuti atsikana achisilamu azivala hijabu m'sukulu za mipingo. Mgwirizano umenewo unali ndi oupsera mtima ku mbali zonse, ndipo mkwiyo wawo ndi wa mutu 4 wa Yona, wakuti winayo wapatsidwa zambiri kuposa zomuyenera.

Kwa achinyamata Nineve ali kwina. Midzi ya m'mbali mwa msewu wa Makanjira imatumiza anyamata ambiri ku Joni. Malata ndi njinga zamoto zimachitira umboni. Mu Epulo 2015, anthu a ku Durban ataukira alendo, boma linatumiza mabasi kukatenga Amalawi, ndipo ambiri mwa amene anatsika ku Blantyre chimanjamanja anali a ku Mangochi. Munthu wotere, amene anaona katundu wake akuyaka, ndi amene angamvetse Yona kuposa wina aliyense. Bukulo silimuseka chifukwa chofuna chilungamo, ndipo silinena kuti Nineve anali wosalakwa. Limangokana kuti mneneri akhale wogamula amene Mulungu angamuchitire chifundo.

Asilamu ali ndi nkhani ina imene Akhristu ambiri sanaimvepo. Mabuku a mbiri ya Mtumiki Muhammad amasimba kuti atagendedwa ndi miyala ku Ta'if, cha m'ma 619, anakapuma m'munda wa mpesa. Eni munda anatuma wantchito wawo, Mkhristu dzina lake Addas, kuti amupatse mphesa. Atafunsidwa kwawo, Addas anati ndi wa ku Nineve. Mtumikiyo anazindikira kuti ndi mzinda wa Yunusu mwana wa Matta, n'kumutcha Yunusuyo m'bale wake pa uneneri, ndipo Addas anamupsompsona mutu ndi manja. Pa tsiku loipitsitsa limenelo, womuchitira chifundo anali mdzukulu wa anthu aja Yona ankafuna kuti apse. Hadisi ina, yopezeka mwa Bukhari, imaletsa munthu kudziyesa woposa Yunusu.

Wolumikiza mabuku 12 aja sanafune kuti nkhaniyi ikhale yotsekemera kwambiri. Mukadutsa Mika mumapeza Nahumu, mitu itatu yokondwerera kugwa kwa Nineve yemweyo, amene Ababulo ndi Amedi anamuphwasula mu 612 B.C. Nalonso likutha ndi funso, lokumbutsa kuti palibe amene nkhanza za mzindawo sizinamukhudze. Mabuku awiriwa anasiyidwa moyandikana popanda wowayanjanitsa. Ayuda anasankha la Yona kuti liziwerengedwa lonse masana a Yom Kippur, tsiku lawo lalikulu la kulapa. Yesu, pa Mateyu 12, anatchula masiku atatu a m'nsomba, koma anaonjeza kuti anthu a ku Nineve adzatsutsa m'badwo wake pa tsiku la chiweruzo. Akhristu a ku Iraq, Egypt ndi Ethiopia mpaka lero amasala kudya masiku atatu chaka chilichonse pokumbukira kulapa kwa mzindawo.

Ku Mosul, pa chitunda chotchedwa Nabi Yunus, panali mzikiti umene anthu ankakhulupirira kuti muli manda a mneneriyu. Kale pamalopo panali tchalitchi, ndipo Asilamu ndi Akhristu omwe ankapitako. Pa 24 Julayi 2014 zigawenga za ISIS zinatulutsa anthu amene anali mkatimo n'kuuphulitsa. Mwezi womwewo zinalemba zizindikiro pa nyumba za Akhristu n'kuwathamangitsa mumzindamo. Asilikali a Iraq atalanda mbali ya kummawa kwa Mosul mu Januwale 2017, anapeza kuti zigawengazo zinakumba ngalande pansi pa bwinjalo pofuna zinthu zakale zokagulitsa. M'ngalandemo munapezeka zosema za ng'ombe zamapiko ndi zolemba za mfumu Esarahadoni, mwana wa Senakeribu, amene analamulira kuyambira 681 mpaka 669 B.C. Manda olemekezekawo anali atakhala pamwamba pa nyumba yachifumu ya Asiriya. Kuyambira 2018 akatswiri a pa yunivesite ya Heidelberg ku Germany akhala akufukula pamalopo.